Usadzakhale Dokotala wa Masiku Atatu

Benga,
Lamlungu masana

Tamanda mwana wanga,

Amayi ako amafuna kuti malangizo ndikupatse pakamwa, titakhala pamphasa monga amachitira makolo ena. Ndakana. Iwe ukudziwa bwino kuti ine ndikayamba chiganizo amayi ako ndiwo amachimaliza, ndipo amakachimalizira kumene ine sindimapita. Ndiye ndakhala pano pakhonde la shopu, makina osokera ndawakankhira pambali, ndipo ndazula mapepala apakati m'buku lolembamo miyeso ya makasitomala. Ukaona pakona palembedwa kuti "chiuno 44", usadandaule, si chako. Ndi cha mayi wina wa ku Mwadzama.

Mawa ukukwera basi kupita ku yunivesite. Za mabuku sindikuuza kanthu, pakuti unandipitirira uli Fomu 2. Za anyamata amayi ako akuuza sabata yonseyi mpaka nkhuku zapakhomo pano zaloweza. Ine nkhani yanga ndi imodzi yokha. Watiuza kuti walembetsa m'gulu la ophunzira odzipereka, aja amathamangira mnzawo akakomoka, akavulala kapena akadwala mwadzidzidzi pasukulupo, n'kumamuthandiza podikira ambulansi. Wati adzakuphunzitsani, adzakupatsani chikwama cha zipangizo ndi foni, ndipo muzidzasinthana masiku ogwira ntchito. Pamenepo ndiye pa ine, mwanawe. Pa Benga ponse pano palibe munthu amene walakwitsapo zambiri pa ntchito imeneyi kuposa bambo ako, ndipo sindikufuna kuti zolakwa zonsezi zingowola popanda wozigwiritsa ntchito.

Unabadwa anthu akunditchula kale kuti Adokotala, ndipo sunandifunsepo kuti telala analipeza bwanji dzina limeneli. Chaka chimene ndinakwatira amayi ako kunabwera anthu a bungwe lina kudzaphunzitsa thandizo loyamba kwa masiku atatu pasukulu ya pulayimale. Ankafuna munthu mmodzi wochokera m'timu ya mpira. Ine m'timumo ndinalimo, koma udindo wanga unali wosoka mayunifolomu ndi kusunga benchi kuti isabedwe, choncho anzanga anagwirizana kuti amene angachoke masiku atatu osasowedwa ndine. Tsiku loyamba ndinamvetsera bwino. Tsiku lachiwiri anatipatsa mpunga wa nkhuku ndi chakumwa chozizira, ndipo titabwerera m'kalasi maso anandilemera. Ndinadzidzimuka anthu akuwomba m'manja, mphunzitsi akuti, "Mukakumbukira zimene ndanena masana anozi, simudzapha munthu." Ndinawomba nawo m'manja kuposa aliyense. Kufunsa woyandikana naye kuti zanenedwazo n'zotani ndinachita manyazi. Tsiku lachitatu anatipatsa satifiketi, kabuku ka malangizo, ndi bokosi loyera lodzaza mabandeji. Pofika pamsika ndinali nditasanduka kale Adokotala. Tamanda, pa maphunziro anuwo ukakhale kutsogolo, masana udye pang'ono, ndipo chimene sunamve ufunse ngakhale akuseke. Zambiri zimene ndikuuze m'munsimu zinabadwa m'masana amodzi amene ndinagonawo.

Ntchito yanga yoyamba inali pa mpira wa Benga ndi Mwadzama. Wosewera wathu wakutsogolo anali Yusufu, yemwe uja amagulitsa usipa wouma pafupi ndi shopu yathu, amene iwe umamuti amalume. Anamugwetsa, n'kuyamba kugubuduka pansi akulira. Anthu anakuwa, "Adokotala! Adokotala!" Mwanawe, mawu amenewo ndi mowa. Ndinanyamuka ngati mwala wochoka m'legeni, bokosi lili m'manja, maso ali kwa anthu kuti ndione ngati amayi ako akundiona. Pansi sindinayang'anepo n'kamodzi komwe. Bwalo lija linali ndi dzenje pamene anazulapo chitsa. Phazi linalowamo, bokosi linauluka, mabandeji anamwazika mpaka kwa goloboyi wa ku Mwadzama, amene anatola awiri n'kuika m'thumba.

Ndinafika kwa Yusufu mokwawa, manyazi atandikwana, ndipo ndinagwira mwendo umene unali pafupi n'kuyamba kuukulunga.

Iye anati, "Achimwene, si umenewo."

Ine ndinati, "Khala chete. Waphunzira ndiwe kapena ine?"

"Mwaphunzira ndinu, koma mwendo ndi wanga."

Ndinamuuza kuti ululu umasokoneza mutu, ndipo ndinamaliza ndi mfundo yokongola ya telala. Yusufu anadzuka n'kubwerera m'bwalo, mwendo wabwino uli mbee ngati wa mkwatibwi, wopwetekawo akuukoka. Amene analephera kudzuka ndine, pakuti phazi linali litatupa ngati papaya. Machira tinalibe, tinkagwiritsa ntchito chitseko chakale cha kalasi. Amuna anayi amene anabwera nacho kudzanyamula Yusufu ananyamula ine, ochemerera a ku Mwadzama akutitsatira pambuyo ndi nyimbo ya maliro.

Ndiye kumbukira, Tamanda, kuthamanga sikufika. Foni ikalira, fulumira koma uziyang'ana pamene ukuponda. Ukafika pamalo, usanagwire munthu uyambe waona chimene chamugwetsa. Mwina ndi waya wa magetsi umene ukadali pomwepo, mwina magalasi osweka, mwina amene wamumenyayo sanamalize. Wothandiza akavulala odwala amakhala awiri, ndipo wachiwiriyo palibe amamumvera chisoni. Komanso munthu akakhala kuti akutha kuyankhula, mufunse pamene pakupweteka ndipo umukhulupirire. Iwe ungakhale ndi satifiketi, koma thupi ndi lake.

Patapita miyezi ingapo kunali ukwati waukulu kuno. Mayi ake a mkwati, amene dzina lawo sindilitchula chifukwa ndinalitchulapo kamodzi ndipo ndinaona zotsatira zake, anaitanidwa kuti avine kutsogolo. Anavala diresi yobiriwira imene ndinasoka ine. Anavina bwino ndithu, akutsika mpaka pansi, anthu akululutira. Kenaka mwadzidzidzi anagwa chagada, maso atatseka, manja atawatambasula. Nyimbo inaima. Ndinafika ndi bokosi langa, ndipo khamu lonse linandizungulira, aliyense atasanduka dokotala. Wina anati ndiwanunkhitse anyezi. Ndinawanunkhitsa. Wina anati ndiwavule nsapato. Ndinawavula. Wina anati awotche kansanza utsi uwalowe m'mphuno, wina anabwera ndi supuni kuti ndiwaike m'kamwa asadzilume lilime. Ndili mkati moganiza za supuniyo, wina anandipatsa ndowa ya madzi otsukira mbale, ndipo poti anthu onse ankandiyang'ana, ndinawakhuthulira yonse kumaso.

Mayi aja anatsegula diso limodzi, njere ya mpunga ili pachikope. Anandikoka kolala mpaka khutu langa linafika pakamwa pawo.

"Telala iwe," ananong'ona, "zipi yako yaphulika kumsana konseku. Ndifunditse chitenje, undichotse pano, apo ayi ndikupha."

Ndikanayamba ndagwada pambali pawo n'kuwafunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, mukundimva?" bwenzi atandiuza zimenezi akadali ouma. Choncho mwanawe, ukafika kwa munthu wogwa, uyambe wamuitana, umugwire paphewa, uone ngati akuyankha ndiponso ngati akupuma. Madzi usamuthire, m'kamwa usamuike kanthu, ngakhale wonena zimenezo atakhala pulofesa. Khamu uliope. Njira yolichotsera ndinaidziwa mochedwa, ndipo ndi iyi: amene akulongolola kwambiri umupatse ntchito. Uyu akadikire ambulansi pageti, uyo atambasule chitenje kuti wodwala asaoneredwe, winayo akatenge madzi akumwa kutali kwenikweni. Munthu ukamutuma amadziona wofunika, ndipo amachoka yekha.

Nkhani ya zipi ija sinathere pamenepo, ndipo mbali yotsalayi ndi imene ndimachita nayo manyazi. Mayi aja tinawanyamula atafundidwa bwino, palibe anaona kanthu, ndipo anthu ankanditama kuti madzi anga awadzutsa. Ndikanangotseka pakamwa zikanatha bwino. Koma mawa lake pabawo nkhaniyo inkandiyabwa pakhosi. Ndinauza munthu mmodzi yekha, nditamulumbiritsa kuti asauze wina. Pofika Lachitatu makondakitala a minibasi za ku Dwangwa ankaitana anthu akuti, "Lowani msanga zipi isanaphulike!" Mayi aja mpaka lero sandipatsa moni. Anasamutsira nsalu zawo kwa telala wina pamodzi ndi amayi onse a m'kwaya yawo, ndipo sindiwaimba mlandu. Tamanda, kumeneko udzaona zambiri zimene eni ake sangafune kuti zidziwike. Udzapeza mtsikana amene wakomoka chifukwa ali ndi mimba imene sanauze aliyense. Udzaona m'chikwama cha mnyamata mankhwala amene ngakhale mnzake wogona naye chipinda chimodzi sawadziwa. Udzanyamula munthu amene wadziipitsira. Zimenezo uuze anamwino okha, basi. Usauze mnzako wapamtima, usazilembe pafoni, usatiuze ngakhale ife ukabwera patchuthi, makamaka ine.

Tsopano za oledzera, pakuti ndamva kuti kusukulu zazikuluko mowa suchepa. Loweruka lina m'mawa ndikupita kukagula nsomba ndinapeza a Kondowe, msodzi uja wochokera kumpoto, atagona chagada pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, pakamwa pali yasa. Mtima unagunda ndi chimwemwe, Mulungu andikhululukire, chifukwa tsiku lachitatu la maphunziro tinayeserera kupumira chidole m'kamwa ndipo ndinali ndisanapeze munthu weniweni woyeserapo. Zoti uyambe waona ngati munthuyo akupuma yekha zinali m'gulu la masana aja. Ndinagwada, ndinawatsina mphuno, ndinaika pakamwa panga pa pawo n'kuuzira ndi mphamvu zanga zonse. Kunena zoona ndinkamva kaphokoso kena, koma ndinkayesa ndi ng'ombe kutali. Kunali kuliza mkonono kwawo.

A Kondowe anatsegula maso, anandiona ndili pamphuno pawo, ndipo anati, "Mukuchita vichi, dada?" Sanadikire yankho. Khofi limene anandipatsa ndinalimva mpaka m'mano a m'mbuyo.

Ndinabwerera kunyumba wopanda nsomba, tsaya litatupa, m'kamwa mukununkha kachasu. Amayi ako anandinunkhiza kamodzi n'kubwerera m'mbuyo.

"Bambo a Tamanda, m'mawa uno? Inu mkulu wa mpingo?"

Ndinawafotokozera kuti kachasuyo si wanga, ndachita kutengera m'kamwa mwa munthu wina. Ndikuuze mwanawe, pa mayankho onse amene mwamuna angapereke kwa mkazi wake, limenelo ndi loipitsitsa. Anandikhulupirira madzulo ake, a Kondowe atabwera okha ndi mboni ziwiri kudzadandaula kuti ndawapsompsona pamsewu popanda chilolezo.

Mayi namwino wa pachipatala chathu chaching'onochi atamva nkhaniyi anaseka mpaka anakhala pansi, kenaka anandiuza zimene ndikukuuzazi. Woledzera amene akupuma umugoneke chammbali kuti akasanza masanzi asamutsamwe, umufunditse, ndipo usamusiye yekha mpaka atadzuka bwinobwino kapena atatengedwa. Akakhala kuti sakudzuka ngakhale umugwedeze, itana ambulansi, usamvere anzake akamati angogona chabe. Ndipo usamunyoze, Tamanda. Iwe sumwa, ndipo ndikuyembekeza kuti suyamba, koma amene wagona m'ngalandeyo ali ndi amayi ake kumudzi amene anamuperekeza pasiteji monga tikuperekezere iwe mawa. Za kulapa adzamva Lamlungu kapena Lachisanu kwa eni ake a ntchitoyo. Yako ndi yoti afike tsikulo ali moyo.

Dzina lija la Adokotala linandikulira mpaka ndinayamba kulikhulupirira. Anthu ankabwera pashopu kudzayezetsa thalauza n'kutsalira kufotokoza za msana, ine n'kumagwedeza mutu, tepi yoyezera ili m'khosi ngati chipangizo cha madokotala chija. Tsiku lina Yusufu yemwe uja anabwera atapinda, akuti m'mimba mukumupweteka mbali ya kumanja. Munthu amene ndinamumanga mwendo wolakwika anabweranso kwa ine, uone mmene anthu athu alili okhululuka. Ndinamudina pamimba, iye anakuwa, ine ndinati ndi mpweya wa nyemba. Ndinamupatsa mapiritsi a mutu ndi madzi a soda. Mawa lake anabweranso thupi litatentha, ndinamuwonjezera soda. Tsiku lachitatu mkazi wake sanafunse za ine, anamukweza galimoto mpaka kuchipatala cha kuboma, ndipo anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Madokotala anati akanachedwa pang'ono kathumbo kamene kanatupa kakanaphulikira m'mimba. Nditapita kukamuona ndinaima pakhomo la wodi osalowa. Yusufu anandiona n'kuseka movutikira atagwira bala lake, akuti, "Lowani achimwene. Mwandiyesa kawiri, koma Mulungu wakana."

Iye anaseka, koma mayi namwino uja nthawi imeneyi sanaseke. Anandiitanitsa n'kutseka chitseko. Anati, "Bambo, ntchito yanu ndi kumufikitsa munthu kwa ife ali moyo, osati kupikisana nafe." Mawu amenewo ndikukupatsa iwe monga ndinawalandirira. Anzako adzayamba kukutchula mayina aakulu, adzagogoda pachitseko chako kufunsa mankhwala a ichi ndi icho. Uziti, "Sindikudziwa, tiyeni kuchipatala." Mawu akuti sindikudziwa sanaphepo munthu. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuikamo mnzanga.

Usaiwale magolovesi, ngakhale wovulalayo akhale mnzako amene mumadyera mbale imodzi. Usaiwalenso kuti unapitira sukulu. Gulu limenelo likadzayamba kukudyera nthawi ya mayeso, uwauze akusinthe tsiku. Odwala sadzatha, koma zaka zinayi zimatha.

Yatsala nkhani imodzi, ndipo ndakhala ndikuizungulira ngati galu pa mphika wotentha. Lachisanu unaiwala pa tebulo la makina fomu ija unadzaza polowa m'gululi. Ndinaiwerenga, undikhululukire. Pamene anafunsa chifukwa chimene ukufunira ntchitoyi unalemba m'Chizungu, koma Chizungu chimenecho ndinachimva. Unati kufunika kwa thandizo loyamba unakuona uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kudzera mwa bambo ako. Ndinadziwa kuti ukunena za chipsera chili pantchafu yakocho. Poyamba chifuwa chinandikula. Kenaka ndinalephera kusoka tsiku lonse, mpaka ndinalumikiza dzanja la malaya pamalo pa thumba. Sindingalole kuti upite kukagwira ntchito ya miyoyo ya anthu utanyamula bodza langa.

Unali mwezi wokolola mpunga, ndipo tinali kumunda kwa amayi ako ku Malengachanzi. Ine ndinatopa kumweta, ndinasiya chikwakwa m'mapesi, mpeni wake uli m'mwamba, n'kupita kukamwa thobwa pamthunzi. Ndinachisiya ndine, osati waganyu monga ndakhala ndikunenera. Iwe unkathamangitsa ziwala. Tinangomva kukuwa. Nditafika unali pansi, magazi akutuluka pantchafu mothamanga, kadiresi kako kachikasu katasanduka kofiira. Bokosi ndinali nalo, pakuti sindinkapita kulikonse popanda ilo. Ndinagwada, ndinalitsegula, ndinatulutsa bandeji. Kenaka ndinayang'ana balalo, ndinayang'ana nkhope yako, ndipo munda wonse unayamba kuzungulira. Chimene ndikukumbukira pambuyo pake ndi mapesi m'kamwa mwanga, ndi amayi awiri a munda woyandikana nawo akundikupiza ndi lichero, wina akufunsa ngati pali amene ali ndi anyezi.

Iwe ndi amayi ako munali mutapita kale. Amayi aja ndiwo anandiuza zimene zinachitika. Ine nditagwa, amayi ako anandidumpha ngati akudumpha chipika. Anavula chitenje, anachipinda, anachikanikiza pabala ndi manja onse awiri, ndipo sanachotse kuti asuzumire ngakhale kamodzi. Chitanyowa anaitanitsa cha mnzawo n'kusanjika pamwamba, anamanga ndi duku lawo. Anatuma wina kuti athamange kumsewu akaimitse galimoto iliyonse, wina kuti akunyamule miyendo ili m'mwamba, iwo akuyenda chammbali dzanja lili pabala mpaka kumsewu. Wina atawafunsa kuti nanga Adokotala titani nawo, anayankha osatembenuka kuti, "Akupuma. Agonekeni chammbali, adzuka okha."

Ndinafika kuchipatala wapansi, dzuwa litapendeka. Anali atakusoka kale, uli pabedi ukuyamwa nzimbe. Mayi namwino anati magazi akanapanda kutsekedwa msanga sukanafika. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi. Pobwerera kwathu ndinawafunsa amayi ako kuti zimenezi anaziphunzira kuti. Anati, "Kwa inu. Si paja kabuku kaja mumakawerenga mokweza pakhonde kuti anthu odutsa amve? Inu mumawerengera anthu, ine ndimamvetsera."

Titafika pa Benga mbiri inali itatsogola kale, koma itapindika panjira. Anthu anamva kuti mwana wa Adokotala wapulumuka, ndiye anangomaliza okha kuti wamupulumutsa ndi Adokotala. Anabwera kudzandigwira chanza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, koma chanza chinali chitafika kale, ndiye ndinangochilandira. Tsiku lotsatira ndinawonjezera pang'ono. Pofika chaka chotsatira ndinali nditakunyamula ndekha paphewa mtunda wonse, ndipo iwe wakula ukundimva ndikuifotokoza choncho kwa alendo, amayi ako akuthira tiyi.

Chabwino chimodzi chimene ndinachita ndi ichi. Ndinapita kwa mayi namwino uja mwakachetechete n'kuwapempha kuti andiphunzitsenso kuyambira pachiyambi. Anandilola kuti Lachitatu lililonse ndizikaima pambali akamatsuka zilonda. Ndinakomokanso kawiri, mpaka anandiikira mphasa pakona kuti ndizigwera pabwino. Koma patapita miyezi maso anazolowera, ndipo chaka chatha mnyamata wina wa njinga yamoto atagundidwa pamphambano, amene anagwira bala lake mpaka galimoto kufika ndinali ine, ndipo nthawi imeneyo zinali zoona.

Ndiye tamvera, mwana wanga. Sudziwa mmene thupi lako lidzachitire mpaka tsikulo litafika. Mwina udzalimba ngati amayi ako, mwina udzatengera ine. Ukadzamva m'makutu mukulira, m'maso mukuda, usalimbane nazo mwakachetechete. Uuze mnzako kuti, "Gwira apa," iwe ukhale pansi, mutu uweramitse. N'chifukwa chake amakutumani awiriawiri. Kuchita mantha si mlandu. Mlandu ndi kubisa, ndi kulandira chanza cha mwini wake. Ntchito ikadzayenda bwino anthu n'kumakutama, utchule amene anagwiradi balalo, ngakhale atakhala mayi wosesa m'hositelo amene alibe satifiketi.

Nditafika apa ndinaika cholembera pansi n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene amayi ako akukusitira zovala za ulendo. Ndinaona kuti n'koyenera adziwe ndisanakupatse kalatayi. Ndinaima patsogolo pawo ngati mwana wa sukulu, ndinatsokomola, ndinati, "Mayi a Tamanda, ndamulembera mwana zoona zake za ku Malengachanzi. Ndaulula zonse. Akhumudwa, koma adziwe."

Sanakweze n'komwe mutu. Anauzira makala a m'simbi, anatembenuza siketi yako, kenaka anati, "Adziwe chiyani?"

"Kuti ndinakomoka."

"Bambo a Tamanda, amene anakomoka tsiku limenelo ndinu nokha. Mwanayo anali maso. Anakuonani mukugwa, ndipo njira yonse ya kuchipatala ankalira kuti tibwerere tikatenge adadi afa. Mukamafotokozera alendo nkhani yanu ija, mumaganiza amathawira kukhitchini kukatani? Amakasekera m'chitenje changa."

Ndinabwerera pakhonde pano n'kuwerenganso fomu yako pang'onopang'ono. Sunalembe kuti bambo ako anakupulumutsa. Unalemba kuti kufunika kwa thandizo loyamba unakuona kudzera mwa bambo ako. Palibe bodza ngakhale limodzi m'mawu amenewo, mwana woipa iwe. Zaka khumi ndi zitatu wakhala ukundithirira madzi osamba m'manja, ukunditchula Adokotala pamaso pa alendo, osandichititsa manyazi n'tsiku limodzi lomwe. Mapepala asanu ndi limodzi a makasitomala ndawonongera munthu amene anandiposa kale.

Komabe kalatayi utenge, mwina idzathandiza mnzako wina wa m'gululo amene ali ngati ine. Pita bwino, Tamanda. Mulungu akutsogolere, manja ako akhale odekha, ndipo uziimba foni Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amayi ako uwathokoze lero lomwe ndi mawu ako, ine ndawathokoza kale kuseriko, ngakhale anandiuza kuti ndichoke ndikuwatchingira mphepo ya makala.

Mawa pasiteji, basi ikamanyamuka, ukadzaona pawindo kuti ndakhala pansi mwadzidzidzi, usatsike. Amayi ako alipo.

Ndine bambo ako,
Telala wa pa Benga